Ngalande Yodontha pa Zenera la Mwana Wanga

Nyumba imene boma lidatipatsa ku Area 12, nthawi imene maofesi ankasamuka kuchoka ku Zomba, idali ndi chinthu chimodzi chimene ndidali ndisanachionepo: ngalande za pulasitiki zoyenda m'mphepete mwa denga, zolandira madzi a mvula n'kuwatsitsira pansi m'mapaipi. Ku Zomba zathu zidali zamalata, zadzimbiri, zoti mbalame ikateramo nyumba yonse imamva. Izi zidali zotuwa, zosalala ngati beseni latsopano. Amuna anga ankazinyadira kuposa bafa, kuposa chitofu chamagetsi. Mlendo akabwera, asanamwe n'tiyi yemwe, ankayamba amuzungulitsa nyumba n'kumamulozera m'mwamba kuti izi sizichita dzimbiri, sizifuna penti, zidzatiika m'manda zisanadonthe.

Zidadontha chaka choyamba chomwecho, ndipo padangotsala pang'ono kuti zindilanditse mwana.

Amuna anga ndi a ku Nkhata Bay, ndipo ankagwira ntchito kumaofesi atsopano aja a pamtunda, taye pakhosi tsiku ndi tsiku. Ine ndine wa konkuno, kwathu ndi ku Mitundu. Pamene akazi anzanga ankalira palole yosamutsira katundu posiya phiri la Zomba ndi madzi ake ozizira, ine ndinkasekerera chamumtima poti ndinkabwerera kufupi ndi kwathu. Tidali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene adali atangoyamba kulumikiza mawu. Pondikwatira amuna anga adapereka malowolo monga mwa mwambo wa kwawo, ndipo malume anga adandichenjezeratu kuti ana a ukwati wotere amakhala a kuchimuna. Ndidangoseka, chifukwa nthawi imeneyo mwanayo kudalibe.

Area 12 ya masiku amenewo sidali ya mitengo ikuluikulu ndi mipanda ya njerwa imene mukuiona leroyi. Nyumba zidali zotalikirana, inde, koma mitengo idali yongobzalidwa kumene, yolekeza m'chiuno, ndipo mpanda wa maluwa ngakhale mwana ankaudumpha. Ukayetsemula kukhitchini, a nyumba inayo ankakuona. Tsoka lake, a nyumba inayo adali abwana a amuna anga kuntchito. Choncho pakhomo pathu padali malamulo ambiri kuposa kutchalitchi: nkhuku ayi, mtondo ayi, kuyanika matewera kutsogolo ayi, kuitana mwana mokweza ayi. Lamulo lililonse linkathera pa mawu amodzimodzi akuti anthu ationa bwanji.

Apongozi anga, mayi awo a amuna anga, adafika m'mwezi wotentha uja mvula isanayambe. Adabwera kudzaonetsa maso kuchipatala, chifukwa ng'ala idali itawaphimba moti munthu ankamuzindikira ndi mawu. Adatsika basi ndi thumba la chinangwa chokumba m'munda mwawo ndi mkeka woluka okha. Atawagwiragwira amuna anga m'mapewa adagamula kuti mwana wawo waonda, ndipo chomuondetsa ndi ufa wa chimanga wa Achewa. M'mawa mwake momwemo adasenda chinangwa chija n'kuchiviika mumgolo wathu kuseri kwa khitchini, kuti chikafewa achiyanike, achisinje, mwana wawo adye kondowole wa kwawo.

Amene sadanunkhizepo chinangwa choviika asandiuze za fungo. Limalowa m'makatani, m'zovala za m'sutikesi, ngakhale mu shuga. Ine linkandibwezera kumtima, koma ndidatseka pakamwa, poti chakudya cha eni sachinyoza. Tsiku lina akazi a abwana aja adaima pampanda, kansalu pamphuno, n'kufunsa mwaulemu ndithu ngati paipi ya kuchimbudzi kwathu yaphulika. Amuna anga adali pomwepo. Adaseka nawo n'kulonjeza kuti aona, koma atalowa m'nyumba nkhope idali itagwa, ndipo madzulo ake sadadye.

Chinangwa chitafewa, apongozi adafuna kuchiyanika pakapinga wa kutsogolo, poti ndi pamene dzuwa linkakhalitsa. Amuna anga adati asavutike: ku Kawale kuli mnzawo wa kwawo amene ali ndi bwalo lalikulu, akazi ake akachiyanika kumeneko n'kuchigayitsa komweko. Lidali tsiku loti ndiwaperekeze apongozi kuchipatala ku Old Town. Tidaswera pamzere, ndipo pobwera tidapeza mgolo uli wotsuka, mkeka palibe, fungo lachepa. Ndidaona kuti njerwa zingapo za m'mphepete mwa maluwa anga zasowa, koma ndidangoti ndi anthu openta nyumba ya kuseri kwathu, amene ankamaliza ntchito yawo sabata imeneyo.

Sabata isanathe kudagwa chizimalupsa, kamvula kamphepo kongobwera modzidzimutsa n'kupita. Kenaka amuna anga adabwera ndi ufa m'kathumba, ati wachokera ku Kawale. Ndidaphika monga momwe adandilangizira apongozi, iwo atakhala pakhomo la khitchini kumvetsera mthiko. Adatema mbamu imodzi, adatafuna, n'kukankha mbale. Adati chinangwa cha m'munda mwawo sichimveka chonchi m'kamwa, ufa wabwino wafera m'manja mwa wophika. Amuna anga adangoyang'ana m'mbale mwawo n'kumadya.

Mvula yeniyeni itayamba, ngalande ya kuseri idayamba kudontha pamene zidutswa ziwiri zimalumikizana, pamwamba penipeni pa zenera la chipinda cha mwana. Madzi ake sadali oyera ngati a mvula. Adali otuwa, onanda, ndipo pakhoma ankasiya mzere umene posakhalitsa udasanduka wobiriwira. Fungo lidabweranso. Poyamba lidali ngati la mgolo uja, ndiye tidati ndi dothi limene lidamwa madzi a chinangwa. Ndidathirapo phulusa, ndidapala dothilo n'kukataya kutchire, ndidakolopa khonde mpaka manja kusupuka. Fungo lidangokula, n'kusintha, n'kukhala la chinthu chakufa.

Apongozi adayamba kulisaka ndi mphuno, ndipo kulikonse kumene mphunoyo inkawatsogolera kudali kwanga. Ankanunkhiza matewera ochapa kale, miphika, chikolopa, ngakhale mpango wanga wa kumutu wopachika pachitseko. Zofunda zouma ankandibwezera kuti ndichapenso. Tsiku lina adandifunsa, mwa mawu ofatsa ngati akundithandiza, kuti kodi kwathu atsikana amawaphunzitsa kusamba kangati. Ine, amene mayi anga ankandibwezetsa kuzira nyumba yonse chifukwa cha kona imodzi!

Ndidawauza amuna anga kuti akanene ku ofesi yoona za nyumba za boma, poti kudali anthu olembedwera zimenezi, oyenda ndi makwerero pagalimoto. Adakana kwamtuwagalu. Adati akatilemba kuti tikuwononga nyumba yatsopano, ndipo adaletsa kuti munthu wakunja aliyense asakwere pamenepo, akonza okha. Ndidadabwa, chifukwa awa adali abambo oti babu likapsa ankadikira mlonda wa kuofesi. Koma Loweruka masana adavula taye, adatulutsa tebulo la kukhitchini, n'kukwerapo. Ali patebulopo manja ankangofika kumimba kwa ngalande, m'kati osaonamo. Apongozi adali pampando wawo pakhonde lakuseri, pamene sankachokapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, akuyamikira khama la mwana wawo.

Adayamba ndi sopo ndi nsanza, monga timachitira ndi ndowa yobooka. Mvula itagwa zenera lidachita thovu. Loweruka linalo adatengera nzeru ya omata mabeseni a kumsika: adadula kachidutswa ka beseni langa lakale, nawotcha mpeni pambaula kuti asungunulire pamodzi. Mpeni udalowa mu pulasitiki ngati m'papaya lakupsa, ndipo pamene padali podontha pamodzi padakhala pawiri. Kenaka lidabwera phula. Misewu ya ku City Centre inkathiridwa phula nthawi imeneyo, ndipo sindidziwa kuti adakapempha bwanji, munthu wa taye, koma adabwera nalo m'chitini. Adalitenthetsa n'kulipaka ndi mtengo. Ngalande idapindika ndi kutenthako, phula lidayenderera pakhoma loyera la boma, lina patebulo langa, ndipo dzuwa likaswa linkadontha lokha popanda mvula. Pomaliza adamanga ponsepo ndi malegeni ngati katundu wa panjinga. Madzi adangosuntha pang'ono n'kupitiriza ntchito yawo.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Makoswe adayamba kuthamanga padenga ngati pali ukwati. Amuna anga adagula mankhwala n'kuwaponyera pamwamba ali chiimire pansi. Phokoso lidatha, koma fungo lidafika poti ndikatsegula chitseko chakuseri malovu ankadzaza m'kamwa. Ntchentche zobiriwira zidamanga mudzi pazenera. M'mawa wina ndidapeza mwana wanga atatsamira pazenerapo, akutola tinthu toyera n'kumatiika m'dzanja. Adandionetsa mokondwa, nati mpunga. Zidali mphutsi, zonenepa, zikugwa kuchokera m'mwamba. Ndidamusambitsa ndi sopo mpaka adalira, ine ndikusanzira pambali. Ndidasamutsira kabedi kake kuchipinda kwathu, komabe sabata yomweyo adayamba kutsegula m'mimba.

Apongozi adayankhula Lamulungu titabwera kutchalitchi, tili patebulo. Sadakweze mawu. Adati maso awo ndi akufa koma mphuno ili moyo, ndipo chibadwire sadagonepo m'nyumba yonunkha chonchi. Adati nyumba ya chizungu imafuna mkazi woidziwa, ndipo sakundiimba mlandu poti ndidakulira kumudzi. Kenaka adatembenukira kumene kunkalira supuni ya mwana.

"Ndikamapita Khirisimasi isanafike, uyu ndipita naye. Mwana wa mwana wanga sangakulire mu uve."

Ndidayang'ana amuna anga. Ndinkangofuna liwu limodzi. Adapukuta pakamwa, nati mwina n'kwabwino kwa miyezi ingapo, mpaka mvula itatha. Miyezi ingapoyo ndinkaidziwa: iwo omwe adatengedwa ndi agogo awo kwa miyezi ingapo, n'kubwerera kwa mayi awo atamera ndevu. Ndipo pa mwambo umene malume adandichenjeza uja, ndidalibe pogwira. Mtima udandiwawa, koma choposa kuwawako ndidanyansidwa, ndi nyumbayo, ndi fungolo, ndi mwamuna wopukuta pakamwa uja.

Titalowa kuchipinda ndidawafunsa ngati mwana tidamuberekera kuti akhale mphatso ya Khirisimasi. Adati ndisalimbane ndi akuluakulu, ndiponso nditsitse mawu chifukwa mazenera ali otsegula. Kuyambira tsiku limenelo apongozi adayamba kumukonzekeretsa mwana ulendo. Ankamukhazika pamwendo n'kumamuuza za basi yaikulu, za nthochi za kuseri kwa nyumba ya agogo, za ana a azakhali amene akumudikira. Adandiuza kuti ndipatule madiresi ake abwino ndi juzi. Mwana, wosadziwa kanthu, ankayenda m'nyumba monse akuimba basi, basi, ndipo ine ndinkathawira kubafa kuti asandione m'maso.

Tsiku lina kudagwa mvula yamphamvu masana, ndipo ndidaima panja ndi ambulera n'kuiyang'anitsitsa ngalandeyo. Mapaipi a kutsogolo ankakhuthula madzi, koma ya pakona yakuseri idali youma gwa. Ngalande yakeyo idali italendewera pakati ngati mimba ya mbuzi ya bere. Mvula itakata ndidaigogoda ndi mtengo wa tsache, ndipo sidalire ngati chinthu chopanda kanthu. Mudali katundu m'menemo. Masabata onsewa tinkamata pansi pa chinthu chodzaza.

Ndidabereka mwana n'kukwera basi ya ku Old Town. Kumeneko kudali matope, njinga, mafuta a zitumbuwa ndi anthu okuwa, koma ndidapuma bwino kuposa kwathu kwa maluwa. Achimwene anga adali ndi shedi ya ukalipentala kuseri kwa msika. Nditawafotokozera adaponya hamala pansi, nati aitane malume, nkhaniyi ikakambidwe ndi ankhoswe, anthu a kunyanjawa asatiyese ana. Ndidati ankhoswe sachotsa fungo, ine ndikufuna makwerero ndi sowo basi. Adafuna kudzakwera okha, koma ndidakana, chifukwa ndinkadziwa kuti akaponda pakhomo panga ndi mtima umenewo, ngalande iiwalika. Kusitolo ya mmwenye wogulitsa zomangira ndidagula chidutswa cha ngalande, zolumikizira zake zokhala ndi labala m'kati, ndi tizitsulo togwirizira ngalande kuthabwa. Zonsezi zidabwera m'mawa mwake panjinga ya achimwene, amuna anga atapita kuntchito, ndipo achimwenewo ndidawabwezera pageti.

Masiku amenewo mkazi sankavala buluku, ndipo mkazi wokwera padenga idali nkhani ya mudzi wonse. Ndidapisa chitenje pakati pa miyendo n'kuchimanga m'chiuno ngati wopita kudambo, ndidamangirira ndowa kuchingwe, mwana ndidamutsekera pabalaza ndi zidole zake. Apongozi atamva makwerero akugunda khoma adafunsa kuti ndani. Nditayankha kuti ndine, adati kwawo mkazi sakwera pamwamba pa nyumba muli akuluakulu, amenewo ndi malaulo.

"Amayi, kwathunso n'chimodzimodzi," ndidatero, n'kuponda thabwa loyamba.

Pansi padali matope ndipo makwerero ankagwedezeka. Ndili pakati ndidamva akhazikika. Nditayang'ana pansi ndidaona apongozi atawagwira ndi manja awiri, akadali kung'ung'udza.

Mutu wanga utangopitirira ngalande, fungo lidandimenya kumaso moti ndidagwiritsa thabwa kuti ndisagwe. Kuyambira pakona mpaka kupitirira zenera mudali phala lotuwa, lofufuma, lotulutsa tithovu, mphutsi zikusambiramo. Makoswe akufa adali momwemo, otupa, ena ubweya utasosoka. Pakamwa pa paipi padali potseka ndi chinthu chonga udzu wowola. Ndidayamba kukapa ndi chitini n'kumathira m'ndowa, nkhope nditaitembenuzira kumbali. Ndikukapa chomwecho ndidakweza maso. Pamwamba pa malata, pamene munthu wa pansi kapena wa pamsewu sangaone, padali njerwa za m'maluwa mwanga zitakhala m'makona, ndipo pansi pa njerwa iliyonse padatsalira kachidutswa ka mkeka.

Sindidafune wondimasulira. Chinangwa cha apongozi sichidapite ku Kawale. Amuna anga adachikweza padenga ndi makwerero a openta aja tsiku limene tidali kuchipatala. Openta adapita ndi makwerero awo, chizimalupsa chidachikokolola n'kuchitsitsira m'ngalande, ndipo mwini nzeruyo sakadatha kuchichotsa mayi ake ali pakhonde tsiku lonse. Ndiye adasankha kumata ndi sopo, ndi phula, ndi malegeni, ndi dzina langa.

Ndidatsitsa ndowa ndi chingwe. Idatera pafupi ndi mapazi a apongozi. Adalavula, n'kufunsa kuti n'chiyani chimenechi. Ndidatsika ndi kachidutswa ka mkeka n'kukaika m'dzanja lawo. Adakasisita ndi chala chachikulu, kutsatira malukidwe ake, n'kukatembenuza. Kenaka adachita chimene ine sindikadachita: adawerama, adapisa dzanja m'ndowa muja mpaka m'chigongono, n'kuvuula timitsitsi ta pakati pa chinangwa, tija sitiwola msanga. Adatifinya m'manja nthawi yaitali. Adangoti ndiwapatse madzi osamba m'manja, ndipo ndowayo ndikaiike pakhonde lakutsogolo, pakhomo penipeni. Iwonso adanyamula mpando wawo kupita komweko, kumene mwana wawo sankafuna kuti azikhala.

Amuna anga adafika masana kudzadya. Adaona ndowa, adaona mayi awo, adaona phula m'manja mwanga ndi chitenje chomangidwa chija. Adaima pamasitepe. Maso adathamangira kumpanda wa abwana, kenaka kwa ine, ndipo mawu awo oyamba ndimawakumbukira kuposa a tsiku la ukwati wathu.

"Amake mwana, mwakwera padenga? Anthu akuonani?"

Sadafunse ngati ndavulala. Sadafunse kuti mwana waswera bwanji ndi m'mimba muja. Mphutsi ndidazipirira, makoswe otupa ndidawagwira ndi manja, koma funso limeneli ndi limene lidandipatsa mseru weniweni.

"Iwe," adatero apongozi kwa mwana wawo, "ufa uja ndinkadya udali wa m'munda mwa yani?"

Adayankha kuti wa kumsika. Adayamba kufotokoza kuti ankafuna chiume msanga pamalata otentha, kuti mvula idawadzidzimutsa, kuti kuno si kumudzi, munthu kukwezedwa pantchito kukhoza kumuphonya chifukwa cha zinthu zazing'ono. Apongozi adawasiya mpaka mawu adawathera okha.

"Ndidalima, ndidakumba, ndidasenza mpaka pabasi kuti udye. Udachita nacho manyazi, chabwino. Koma udakhala patebulo paja, ine ndikumunena mwana wa eni kuti ndi wauve, iwe ukutafuna." Kenaka adatembenukira kumene ndidali. "Ndimati ndimuchotse mdzukulu wanga m'nyumba yonunkha. Nanga ndipita naye kuti, poti fungoli ndidabereka ndine?"

Ndikadakonda kunena kuti adawasambitsa chokweza mpaka msewu wonse udamva, koma ayi. Atatha mawu amenewo adandiuza kuti ndiwapatse amuna anga chakudya, angachedwe kuntchito. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndidawapatsa, koma ine sindidadye nawo, ndipo sichidali chifukwa cha ndowa ija.

Masana omwewo ndidakweranso. Ndidakapa zonse n'kukazikwirira m'dzenje kutchire, ndidatokosa paipi ndi waya mpaka idalavula zotsalira. Malegeni ndidadula, chidutswa chopindika ndi phula chija ndidachicheka ndi sowo n'kuikapo chatsopano. Zolumikizira zake sizidafune sopo kapena moto: umangopukuta bwino, kulowetsa mpaka labala agwire, n'kukanikiza mpaka pamveke kulira. Ndidakhomera tizitsulo kuti mimba ija isabwerere, n'kuthira ndowa ya madzi oyera kumtunda kwake. Adayenda onse mpaka kupaipi, pazenera osagwa ngakhale dontho. Akazi a abwana adaima pampanda nthawi yonseyo. Ndidawapatsa moni ndili pamwamba pomwepo, ndipo adayankha.

Fungo lidatha pang'onopang'ono, mwana adachira, phula lokha ndi limene lidakana kuchoka pakhoma. Apongozi sadandipepese, ndipo sindinkayembekeza. Adasiya kununkhiza miphika, adasiya kumuuza mwana za basi, koma palibe amene adanena poyera kuti atsala. Madiresi ndidapatula aja adakhalabe pampando, ine osawabwezera m'kabati, iwo osawatchula.

Tsiku lopita tidawaperekeza kudepoti ya mabasi ku Old Town, amuna anga atanyamula chikwama, ine mwana ali kumsana. Pokwera basi apongozi adapapasa mpaka adapeza mutu wa mwana, n'kuugwira nthawi yaitali. Ndidalimbitsa mfundo ya chitenje pachifuwa. Kenaka adachotsa dzanja.

"Chaka chamawa nditumiza thumba lina," adatero kwa ine, osati kwa mwana wawo. "Muviike nokha. Muyanike pamene pali dzuwa."

Thumba lidabweradi, ndi mkeka watsopano. Fungo lake linkandibwezerabe kumtima, ndipo kondowole sindimukonda mpaka lero. Koma ndidaviika, ndidayanika pakapinga wa kutsogolo, pamaso pa msewu wonse, ndipo mwana wanga ankakhala pambali ndi kamtengo kuingitsa mbalame. Masiku onse amene chinangwa chidali pamenepo, bambo ake pobwera kuntchito ankazungulira nyumba n'kulowera khomo lakuseri, pansi pa ngalande ija.